Sipika ikakwera pa sitandi, mpamba wonse umatsamira miyendo itatu

Loweruka lililonse la nyengo ino, dzuwa lisanakwere, m'misewu ya ku Ndirande, Kawale, Chibavi ngakhalenso m'misika ya kumidzi mumadutsa anyamata atakweza masipika pa wilibala, pa njinga yakabaza kapena kumbuyo kwa kagalimoto kahayala. Ena akuthamangira ku chinkhoswe, ena ku ukwati, ena ku msonkhano wa mpingo kapena kotsegulira sitolo yatsopano. Kuyambira pomwe anthu akolola ndi kugulitsa mbewu zawo mpaka mvula yoyamba, geni yobwereketsa zokuzira mawu imakhala pachimake. Ambiri oichita ndi amalonda ang'onoang'ono omwe mpamba wawo wonse ndi mabokosi awiri, ampulifaya imodzi, maiki ndi mtolo wa nthambo.

Pali dandaulo limodzi lomwe onsewa amalidziwa. Mwambo uli mkati, ankhoswe aimirira kuti ayankhule, ndiye kumbuyo kwa tenti kumachoka mfuwu wakuti, "Sitikumva kuno!" Woyendetsa makina amakweza voliyumu. Agogo omwe akhala kutsogolo amayamba kugwira m'makutu, mawu amasasa ngati a wailesi yotha mabatire, koma akumbuyo aja sakumvabe. Pofika madzulo twita yapsa. Lolemba lake mwini zida amapezeka ku Limbe kapena mumsika wa Lilongwe akufunsa mitengo ya ampulifaya yaikulu.

Kawirikawiri ndalama imeneyo imangolowa m'madzi. Makina aja sanali ochepa mphamvu. Masipika ndiwo anali pansi.

Mawu otuluka mu sipika sayenda mofanana. Besi imafalikira mbali zonse ndipo imalambalala chilichonse choitchinga, n'chifukwa chake munthu ali kutsidya kwa mtsinje amamva kugunda kwa disiko koma sadziwa kuti nyimbo ikuti chiyani. Mawu opyapyala, otuluka pa twita yomwe imakhala cha kumtunda kwa bokosi, ndi omwe amathandiza khutu kusiyanitsa "kusula" ndi "kufula". Amenewa amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi, ndipo matupi a anthu, zitenje ndi masuti zimawameza. Bokosi likakhala pansi, twita imaloza m'mawondo mwa anthu a mzere woyamba, ndipo zotsala zimathera m'mipando. Wakumbuyo amangolandira besi yokhayokha, phokoso lopanda mawu.

Masamu ake ndi osavuta. Kukula kwa phokoso kumayezedwa m'madesibelo. Munthu akasiya ampulifaya ya mawati 500 n'kugula ya mawati 1,000, amangowonjezera madesibelo atatu okha, kusintha komwe khutu limakumva pang'ono chabe. Kuti phokoso limveke ngati lakula kawiri pamafunika madesibelo pafupifupi 10, kutanthauza mphamvu yochuluka kakhumi, komanso masipika otha kuipirira ndi jenereta yotha kuinyamula. Mtunda nawo umadya mawu: panja, mtunda ukawirikiza kawiri, madesibelo 6 amachoka. Munthu yemwe wakhala mamita 16 kuchokera pa sipika amamva motsika ndi madesibelo 18 poyerekeza ndi yemwe ali pa mamita awiri, ngakhale pakati pawo palibe chotchinga. Pakadzaza anthu, kusiyanako kumakula.

Kukweza bokosi sikuchotsa vuto la mtunda, koma kumachotsa chotchinga. Mawu amadutsa pamwamba pa mitu, a kutsogolo amapuma chifukwa twita sikuwalozanso kumaso, ndipo voliyumu imatha kutsika mwambo n'kumamvekabe. Njira yoyesera ndi yakuti mwini zida akaime pa mpando womaliza: ngati sakuiona twita, ndiye kuti wokhala pamenepo sadzamva bwino. Pa mwambo woti anthu akhala pansi nthawi yonse, bokosi likhoza kungopitirira pang'ono mitu yawo. Koma pa ukwati wa kuno, perekani-perekani ikayamba aliyense amaimirira, choncho twita imafunika kukhala cha pa mamita awiri, msinkhu wa chitseko cha nyumba. Masitandi awiri abwino mtengo wake sufika pa wa ampulifaya yaikulu, ndipo samwa mafuta.

Apa ndi pomwe nkhani imatembenuka. Sipika ya pulasitiki ya mainchesi 12 yokhala ndi ampulifaya mkati imalemera makilogalamu cha m'ma 15 mpaka 20. Bokosi lathabwa la mainchesi 15 limafika 25 kapena 30, ndipo ena okhomedwa ndi akalipentala a m'makwalala amapitirira pamenepo. Ndi theka la thumba la chimanga lopachikidwa pamwamba pa chitseko, koma lokhala ndi ngodya ndi zitsulo. Chinthu chogwa kuchokera mamita awiri chimafika pansi pa liwiro loposa makilomita 20 pa ola. Ndipo pa mwambo uliwonse, omwe amakonda kuunjikana m'munsi mwa sipika ndi ana.

Bokosi likagwa popanda kuphwanya munthu, mwini wake amalira ndi thabwa losweka, maginito osuntha ndi ntchito ya mawa yomwe walandira kale chikole chake. Likagwera mwana, nkhani imafika kuchipatala, kupolisi ndi kwa amfumu. Geni imeneyi ilibe chikwangwani, makasitomala amabwera chifukwa chouzana, ndipo mbiri yakuti sipika ya uje inagwera mwana pa ukwati imayenda msanga kuposa yakuti zida zake zimamveka bwino.

Sitandi ya miyendo itatu imaoneka yokhazikika mbali zonse, koma si choncho. Mapazi ake atatu amapanga ngodya zitatu pansi, ndipo imagwa pomwe pakati pa kulemera kwa bokosi padutsa kunja kwa mzere wolumikiza mapazi awiri. Mzere umenewo uli pafupi kuposa momwe diso limaonera: ndi theka chabe la mtunda wochoka pa paipi yapakati kufika pa phazi. Ngati phazi lililonse lili masentimita 60 kuchoka pakati, mbali ya pakati pa miyendo iwiri ili ndi masentimita 30 okha, kutalika kwa rula ya mwana wa sukulu. Bokosi lomwe lili mamita awiri m'mwamba likakankhidwa kufika pa rula imodziyo, lapita. Yemwe amapinda miyendo pang'ono kuti sitandi ikwane pakona kapena isatchinge njira ya akwati, n'kusiya masentimita 40, amatsala ndi 20.

Choncho miyendo imatambasulidwa mpaka timikono toigwira titagona chopingasa, ndipo mwendo umodzi umalozetsedwa komwe bokosi lingagwere. Mabokosi ambiri amalemera chakutsogolo, komwe kuli sipika yeniyeni ndi maginito ake, ndipo kutsogoloko ndi komwe kuli anthu. Mwendo umodzi ukaloza kwa anthu, bokosi silingagwere molunjika kwa iwo mosavuta. Pamalo otsetsereka mwendo umodzi umaloza kumunsi, ndipo pansi pamakumbidwa kapena kuyalidwa thabwa lotambalala mpaka paipi yapakati itaima chilili. Kuunjika zidutswa za njerwa pansi pa phazi ndi msampha, chifukwa kunjenjemera kwa besi kumazisuntha pang'onopang'ono. Pa kapinga wothiriridwa kapena pa mchenga wa kunyanja, phazi limodzi limatha kumira mwakachetechete mwambo uli mkati, ndiye kathabwa pansi pa phazi lililonse n'kofunika.

Kenako pali mphepo. Nkhope ya bokosi la mainchesi 15 ndi yotambalala ngati lichero, ndipo mwera wa mu Julayi kapena kamvuluvulu wa mu Okutobala safuna nthawi yaitali. Mankhwala ake ali pakhomo pomwepo. Chigubu cha malita 20 chodzaza madzi chimalemera makilogalamu 20, ndipo chikamangidwa ndi chingwe m'munsi mwa paipi yapakati chimakokera kulemera konse pansi. Ubwino wake ndi wakuti chimayenda chopanda kanthu pa wilibala n'kukadzazidwa pa mjigo wa komweko. Thumba la mchenga logonekedwa pa miyendo limagwira ntchito yomweyo. Chosafunika ndi kumangirira sitandi ku nsanamira ya tenti, chifukwa tenti ikanyamuka ndi mphepo imanyamuka ndi sipika yomwe.

Pa sitandi iliyonse pali zinthu ziwiri zogwira paipi yokwera: kachogwirira kopotokola ndi dzanja, ndi pini yachitsulo yolowa m'bowo. Chonyamula katundu ndi pini. Kopotokola kaja ntchito yake ndi kuletsa kugwedera basi, ndipo yemwe amakamangitsa ndi mphamvu zonse kuti kanyamule bokosi amangothyola khosi la pulasitiki la sitandiyo. Pini ikasowa, ambiri amalowetsa msomali. Msomali ndi chitsulo chofewa, umapindika, ndipo tsiku lomwe udzagonje paipi idzatsika mwadzidzidzi ndi makilogalamu 25 pamwamba pake. Bawuti yolimba yokwana bwino m'bowo, yokhala ndi nati kumapeto, ndiyo ingalowe m'malo mwa pini.

Kukweza ndi ntchito ya anthu awiri. Bokosi limavekedwa sitandi ili pa msinkhu wake wotsikitsitsa, kenako mmodzi amakankha paipi m'mwamba wina n'kulowetsa pini. Mnyamata yemwe amanyamula yekha bokosi pa phewa n'kumafufuza bowo mwa chiyerekezo amaoneka wamphamvu pamaso pa atsikana operekeza mkwatibwi, koma msana wake ndi womwe umalipira, ndipo bokosi likaphonya paipi limatsikira kumaso kwake. Bowo lomaliza la pamwamba silifunika kugwiritsidwa ntchito ngati palibe chifukwa, popeza paipi ikatuluka kwambiri kachigawo kotsala mkati kamachepa ndipo kugwedera kumakula.

Pogula sitandi, chinthu choyamba kufunsa ndi kulemera komwe inapangidwira. Zambiri zatsopano zimalembedwa pa katoni kapena pa kapepala, kawirikawiri makilogalamu 30 mpaka 50, ndipo nzeru ndi kusafika pa malire enieniwo. Sitandi ya maiki kapena ya magetsi ojambulira zithunzi imafanana nayo maonekedwe koma si yake. Pa yakaunjika pamafunika kuona ming'alu pa khosi la pulasitiki, misomali yolumikiza miyendo ngati yakhwepa, ndi paipi ngati inapindikapo n'kuwongoledwa. Chitsulo chowongoledwa sichibwereranso mphamvu zake zakale.

Ambiri amakonda kukapangitsa kwa owotcherera a ku Ndirande, ku Mchesi kapena pa msika wa kwawo, ndipo sitandi yachitsulo yopangidwa bwino imatha kukhalitsa kuposa yotchipa ya m'sitolo. Kulemera kwake, komwe kumavutitsa ponyamula, ndi komwe kumaikhazikitsa. Chomwe chimawapusitsa ndi muyeso wa paipi. Bowo la kunsi kwa masipika ambiri ndi la mamilimita 35. Paipi ya madzi yachitsulo yomwe m'mahadiweya amati ya inchi imodzi imakhala pafupifupi mamilimita 34 kunja kwake, choncho imalowa koma imasiya kampata kakang'ono. Ya inchi imodzi ndi kota imapitirira mamilimita 42 ndipo siyilowa n'komwe. Chubu chopyapyala cha mamilimita 32 chopangira mipando chimalowa mosavuta, koma bokosi limavina pamwamba pake ndipo chubucho chimapindika. Mabokosi ena akale ali ndi bowo la mamilimita 38. Kunyamula sipika yeniyeniyo kupita nayo kwa wowotcherera kumatha mikangano yonseyi, ndipo mtengo wa kabaza wa tsiku limenelo ndi wochepa kuposa kupangitsa kawiri.

Mabokosi okhomedwa kuno nthawi zambiri sakhala ndi bowo. Pali kachitsulo kooneka ngati chipewa komwe kamalowetsedwa kunsi kwa bokosi, koma malo ake si pakati pa thabwa poyeza ndi tepi. Bokosi limakhazikidwa pa mpini wa tsache wogona pansi n'kumasunthidwa mpaka litalekeza kugwera kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo pamenepo ndi pomwe paboolewe. Kachipewako kamamangidwa ndi mabawuti odutsa thabwa lonse okhala ndi mawashala aakulu mkati. Pulayiwudi yokhuthala imapirira. Thabwa lopangidwa ndi utuchi, makamaka lomwe linanyowapo ndi mvula, limafumbutuka mozungulira mabawuti, ndipo bokosi lotere ndi bwino lingokhala pa tebulo lolimba.

Oimba gitala m'malo odyera, m'maloji a kunyanja ndi m'makwaya ali ndi vuto lawolawo. Chida chawo ndi bokosi limodzi lokhala ndi ampulifaya ndi sipika pamodzi. Likakhala pansi, woimba amadzimva m'miyendo pomwe omvera a patebulo lachitatu amangomva kukhwekhwereza kwa mafoloko. Ena mwa mabokosi amenewa, monga Roland AC-60 yomwe imalemera pafupifupi makilogalamu 10, anapangidwa kale ndi malo olowetsa sitandi kunsi. Ambiri, makamaka akuluakulu ndi olemera, alibe, ndipo kuwaboola ndi nkhani ina kusiyana ndi kuboola sipika wamba. Mkatimo muli mawaya ndi tizipangizo tosunga magetsi tomwe timatha kumenya munthu ngakhale pulagi itazulidwa, ndipo thiransifoma ikakhala mbali imodzi bokosi limalemera chopendekera. Bokosi lobooledwa limatsikanso mtengo tsiku lodzaligulitsa.

Njira yabwinopo ndi kupangitsa kathebulo kachitsulo kokhala ndi mkombero m'mbali, kachipewa kaja katawotcheredwa kunsi kwake, bokosi n'kumangidwa pamwamba ndi lamba womangira katundu pa lole, mosatseka mabowo otulutsira kutentha. Komabe ampulifaya yolemera makilogalamu 20 kapena kuposa siyenera kupita m'mwamba ngati sipika ya pa ukwati. Woimba amafunika kufikira mabatani ake nyimbo ili mkati, ndipo kukoka kulikonse kwa nthambo ya gitala kumakoka bokosi lonse. Msinkhu wa m'chiuno kapena m'chifuwa ndi wokwanira m'chipinda chodyera. Pamalo aakulu, ampulifaya ikhoza kukhala pa kathebulo kafupi itapendekera kumbuyo kuloza m'makutu mwa woimba, mawu a omvera n'kutengedwa pa bowo lolembedwa Line Out kapena DI Out kupita ku masipika omwe ali pa masitandi.

Palinso kulira kolasa m'makutu kuja. Gitala yamphako imanjenjemera ndi mawu obwerera kuchokera mu sipika, ndipo ampulifaya ikakwezedwa kufika pa msinkhu wa gitalayo kumbuyo kwenikweni kwa woimba, kulirako kumayamba msanga kuposa ili pansi. Kuisunthira pambali, mwinanso patsogolo pang'ono, kumathetsa zambiri. Maiki nayo isamayang'anizane ndi sipika. Woyendetsa mwambo yemwe amayendayenda ndi maiki kutsogolo kwa masipika kuitanira anthu ku perekani-perekani ndi mdani wamkulu wa twita.

Yemwe ali ndi mabokosi akuluakulu a besi ali ndi mwayi. Besi sifunika kukwera, ndipo imamveka bwino ili pansi. Ambiri mwa mabokosiwa ali ndi bowo pamwamba lolowetsa paipi yaifupi, sipika yaing'ono n'kukhala pamwamba pake. Pamenepo palibe miyendo yopunthwitsa ovina, ndipo kulemera kwa bokosi la pansi ndiko kumagwira zonse. Kusanjikiza mabokosi atatu popanda lamba, monga amachitira ena pa misonkhano, ndi nkhani yosiyana: besi imayendetsa bokosi la pamwamba pang'onopang'ono mpaka m'mphepete.

Nthambo ndi zomwe zimagwetsa masitandi ambiri omwe anaima bwinobwino. Nthambo yochoka pa sipika molunjika kupita pa tebulo la DJ ili lende m'malere imangodikira phazi kapena khosi la munthu. Imafunika kutsika motsatira paipi, kukulungidwa kamodzi m'munsi, kenako kuyenda pansi itaphimbidwa ndi mphasa kapena kapeti pomwe anthu akudutsa. Wina akaikoka, imakoka phazi la sitandi m'malo mokoka mutu wake. Mipando iwiri kapena itatu yozungulira miyendo imathandiza kuti ovina ndi ana asafike pafupi. Asanaimike paipi iliyonse yachitsulo panja, mwini zida ayenera kuyang'ana kumwamba, chifukwa m'makwalala ambiri mawaya a magetsi olowa m'nyumba amadutsa motsika, ndipo magetsi a mavoti 230 amapha.

Mavenda ogulitsa mafoni, nsapato ndi zakaunjika omwe amaitanira malonda pa kasipika ka batire amapindulanso ndi nzeru yomweyi. Kasipika kokhala pansi pa benchi kamangosokosera woyandikana naye, pomwe kokwezedwa pamwamba pa mitu kamamveka patali voliyumu ili yotsika, batire n'kukhalitsa. Koma chogwirira cha sipika chinapangidwira dzanja, osati kupachikira pa msomali tsiku lonse padzuwa. Kashelefu kokhomedwa bwino ndi lamba wozungulira bokosi lonse ndizo zoyenera pamwamba pa njira yodutsa makasitomala.

Pa mtengo wouza kasitomala pamafunika kulowa malipiro a munthu wachiwiri wothandiza kukweza ndi kutsitsa, komanso mayendedwe a masitandi. Ambiri amaiwala zimenezi n'kumadabwa kuti phindu lapita kuti. Kubwereketsa masipika ndi masitandi popanda munthu wodziwa kuwaimika ndi kutchova juga, chifukwa wobwereka amakaimika mmene akuonera, ndipo zikagwa mkangano wa yemwe alipire umatha ubale. Ngati n'kosatheka kupita nawo, ndi bwino kugwirizana pamaso pa mboni, ngakhale polemberana pa foni, za yemwe adzakonze chowonongeka.

Nthawi yotsitsa ndi yoopsa ngati yokweza, mwinanso kuposa. Kwada, anyamata atopa, ena alawako za pa mwambo, ndipo woyendetsa galimoto yahayala akuliza hutala. Makina amayamba azimitsidwa, nthambo n'kuzulidwa ku sipika, kenako mmodzi amanyamula paipi kuti pini imasuke pomwe wina akuisolola. Dzanja lisagwire paipi pafupi ndi khosi la sitandi, chifukwa ikatsetsereka imatsina chala pomwepo. Chigubu cha madzi chimachoka pomaliza, bokosi litafika kale pansi. Mapini ambiri amasowa pa nthawi imeneyi, mu udzu, mumdima, ndipo Loweruka lotsatira m'malo mwake mumalowa msomali uja. Kawaya kakafupi kapena katcheni komangirira pini ku sitandi yake wowotcherera aliyense amakaika pa mphindi zochepa.